Zikwa M'filiji ya Alamu

Ndinakaona koyamba ndikuchapa. Mayeso tinali titalemba, yunifolomu nditaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi, ndipo ntchito imene inanditsalira inali kudikira zotsatira ndi kuchapa zovala za anthu. Ndinkakhala ndi achemwali anga ndi amuna awo m'nyumba ya lendi. Kuseri kwake kunali kadimba kakang'ono: mpopi, chingwe choyanikira, ndi chitsamba cha maluwa oyera onunkhira chimene achemwali anabzala chaka chimene anakwatiwa.

Ndinamva kulira pafupi ndi khutu, vuu, ngati kafani. Nditatembenuka, kanthu kanali kataima m'malere patsogolo pa duwa. Sikanatere ayi. Kanangoima, ngati kakolowekedwa pa ulusi wosaoneka. Thupi lake linali lobiriwira, lamba wofiira m'chiuno, kamchira kakuda kotambasuka. Mapiko ankathamanga kwambiri moti ndinkangoona nthunzi, koma katapendekeka padzuwa ndinaona masamba kudzera m'mapikomo, ngati pagalasi. Kanatulutsa mlomo wautali ngati waya, kupisa m'duwa, kubwerera chafutambuyo, kupita pa lina. Pamene ndinkapukuta thovu m'manja kanali katadumpha kale mpanda.

"Alamu, ndaona mbalame yaing'ono ngati chala chanu chachikulu."

Alamu anali atagwada pakhonde la kuseri, mutu uli m'filiji. Ntchito yawo inali yoswetsa anapiye. Filijiyo inafa kalekale. Iwo anaichotsa zam'kati, kuikamo mababu, fani ndi mathireyi, n'kuisandutsa makina ofungatira mazira. Dzira lililonse ankalilemba kamtanda ndi pensulo mbali imodzi, kuti potembenuza asasokonezeke.

"Imeneyo ndi njala, mkazi wanga wamng'ono," anatero osatulutsa mutu. "Munthu akayamba kuchapa asanadye amaona zinthu. Ine tsiku lina ndinaona apongozi akumwetulira."

"Ndikumvatu," anatero achemwali ali m'khitchini.

Sindinakhumudwe, chifukwa munthu amene ndinkafuna kuti amve nkhaniyi anali wina. Pakona ya msewu wathu, pafupi ndi pokwerera mabasi, panali kashopu ka malata kopaka buluu, ndipo m'menemo munkakhala mnyamata amene aliyense ankangomutchula Wamafoni. Ananditsogolera kumaliza sukulu. Anali ndi zala zazitali, ndipo akaweramira foni pansi pa galasi lake lokuza zinthu ankaluma mlomo wam'munsi ngati akuopa kuidzutsa. Foni yanga inali ndi sikirini yosweka. Ndinkapita kukafunsa ngati ina yabwera, ngakhale ndinkadziwa kuti sinabwere, ndipo iye ankafufuza m'bokosi ngakhale naye ankadziwa.

"Mapiko oonekera?" anafunsa nditamufotokozera.

"Ngati galasi."

"Ndiye ugwire kamodzi, tidulepo sikirini yako."

"Usandiseke."

"Ndani akuseka? Ukakajambule, ndione."

Ndinayesa. Ndinkakhala pa chidebe pafupi ndi chitsamba, foni ili m'manja. Kakabwera ndinkadina mpaka chala kupweteka, koma chithunzi chilichonse chinkatuluka duwa ndi kachifunga pambali pake.

"Ichi ndi chala chako," anatero Wamafoni. "Ichinso ndi chala chako. Uli ndi zala zokongola, koma si mbalame."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba nditawafumbata, n'kugona nawo.

Tsiku lina kanthu kaja kanasiya maluwa n'kuyamba kuzungulira masamba anthete. Kankapinda mchira, kukhudza kunsi kwa tsamba, kuchoka, kupita pa lina, mofulumira ngati munthu wosiya katundu pakhomo la eni. Katapita ndinatembenuza tsamba limodzi. Panali kadzira kobiriwira, kochepa ngati mkanda wa m'khosi mwa mwana.

"Mazira? Ndiye mwafika kwa eni ake," anatero alamu, akuvala magalasi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Mbalame yopanda chisa, yoikira pa tsamba, yosafungatira. Mayi wosasamala ameneyu. Akanakhala nkhuku yanga tikanamudya kale."

Timazirato titaswa, munatuluka timbozi tobiriwira, kalikonse kali ndi kanyanga kumchira. Alamu anaseka mpaka kukhala pansi.

"Aprofesa, mbalame yanu yabereka mbozi."

Dzina limenelo linandikakamira. Wamafoni ndiye anafufuza pa foni yake n'kupeza kuti si mbalame. Anati ndi gulugufe, wachibale wa aja ozungulira nyali usiku, koma uyu amayenda masana ndipo amadya ataima m'malere. Anandionetsa chithunzi. Analidi yemweyo, lamba wofiira ndi kamchira komwe. Mtima unagwa pang'ono. Ndinkafuna kuti akhale wanga ndekha, dziko lonse lisanamuonepo.

"Koma zithunzi anthu amapanga," anatero. "Ine mpaka ndione ndi maso."

"Bwera kwathu udzaone."

"Kwanu? Achemwali ako aja amandiyang'ana ngati ndinawabera batire."

"Amayang'ana choncho aliyense. Ngakhale alamu."

Anaika pansi kambaniro kake kachitsulo kotolera tinthu ting'onoting'ono, n'kundiyang'ana.

"Chabwino. Lera mbozizo. Tsiku limene mmodzi adzatuluke, ndibwera. Ndilowa pageti, ndipereka moni, ndikhala pampando umene andipatse." Kenako anaweramiranso foni. "Bola zifulumire. Mwezi wamawa ukatha ndikupita."

Amalume ake anali atamupezera ntchito m'shopu yaikulu kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ananena ngati akunena za nyengo. Ine ndinati, "Zabwino zimenezo," n'kutuluka, ndipo ndinayenda mpaka kupitirira geti yathu osaiona.

Zokumana pakona ndi za aliyense. Mtsikana aliyense wa mumsewu wathu anali ndi foni yovuta ndi chifukwa choimira pa kashopu kaja. Koma munthu wolowa pageti masana, achemwali n'kumufunsa za kwawo, alamu n'kumuseka, ameneyo akapita kutali amakhala wasiya kanthu m'nyumbamo. Ndinkafuna zimenezo. Ndinkaona kale mmene zidzakhalire: iye ndi ine pafupi ndi chitsamba, gulugufe ataima m'malere pakati pa nkhope zathu, mphepo ya mapiko ake ikutikhudza tonse awiri. Zimene adzanene pamenepo ndinkazisintha tsiku lililonse.

Ndinatenga chidebe cha penti, kuchitsuka, kuikamo nthambi za chitsamba chija, n'kumanga pamwamba ndi chidutswa cha neti ya udzudzu. Mbozi zinadya. Sindinkadziwa kuti kanthu kangadye chotero. Masana kukakhala zii ndinkazimva zikutafuna, tche tche tche, zikuyenda m'mphepete mwa tsamba ngati telala akudula nsalu. M'mawa uliwonse ndinkataya zitosi zake, zakuda ngati nthanga za papaya, n'kuthyola nthambi zina. Zikathina m'khungu zinkaima osadya, mutu utazolika, kenako n'kuvula khungulo ngati sokosi.

"Chitsamba changa chikusanduka tsache," anadandaula achemwali. "Anzako akuphunzira kusoka, ena makompyuta. Iwe ukuweta mbozi."

"Musiyeni, mayi," anatero alamu. "Akapanda kukhoza mayeso tidzamutsegulira khola."

Zina zinafa zili zazing'ono, imodzi inathawa. Zinatsala zisanu, zonenepa ngati chala changa chapakati. Ndiye tsiku lina zinasiya kudya. Zinasintha mtundu, msana kufiirira, n'kuyamba kuzungulira pansi pa chidebe, kuzungulira, kukwera, kugwa, kuzunguliranso. Ndinaziyang'ana ndikumva ngati ndikudziona pagalasi. Ine ndemwe ndinali nditatha simenti ya pakhonde ndi mapazi. Ndinathiramo dothi ndi masamba ouma. Zinalowa pansi pake n'kukhala chete. Patapita masiku ndinafukula: mbozi panalibe, panali zikwa zofiirira, zosalala, zosongoka kumapeto. Ndikakhudza chimodzi chinkagwedeza mchira ngati chikuti ndisiye.

Kenako palibe chinachitika.

Ndinkafukula m'mawa, kukwirira, kufukulanso masana. Mphepo inayamba kuzizira, anthu kutulutsa majuzi. Ku kashopu mashelefu ankachepa katundu. Wamafoni anali atayamba kuitana eni mafoni kuti adzatenge zawo, zokonzeka ndi zosakonzeka zomwe.

"Akuti kukazizira zimatha kugona mpaka kudzafunde," anatero akuwerenga pa foni.

"Mpaka liti?"

"Sananene."

"Funsa bwino."

"Foni imeneyi, si sing'anga."

Ndinabwerera ndikuthamangira chinthu chosathamangika. Ndinayesa kuika chidebe padzuwa, dzuwa n'kubisala. Ndinayankhula nazo. Ndinazipempha. Alamu anandipeza nditagwada, nkhope ili m'chidebe.

"Aprofesa, mukupemphera kapena mukusanza?"

"Sizikutuluka, alamu."

"Ndiye mukufulumira kupita kuti? Kapena pali wina akufulumira?" Anatsinzina diso limodzi. Mumsewu wathu nkhani sizinkagona panja. Anagwada pambali panga, kupisa dzanja m'dothi, n'kupukusa mutu. "Kuzizira ngati mphuno ya galu. Vuto lanu ndi lakuti mwasunga mazira pamphepo."

"Si mazira. Ndi zikwa."

"Chili m'chikhokho?"

"Eya."

"Chikuyembekeza kutuluka?"

"Eya."

"Limenelo ndi dzira, mlamu. Ine ndaswetsa nkhuku, abakha, nkhanga, zinziri. Chilichonse chili ndi masiku ake, koma chonse chimafuna chinthu chimodzi: kufunda, ndi munthu wochitembenuza. Dzira lozizira limagona. Lipatseni kutentha muone ngati silidzuka."

Achemwali anali akuanula zovala. "Inu awiri mukakhala pamodzi pamafunika munthu wamkulu," anatero. "Mbozi m'mazira a anthu?"

"Thireyi yapansi ili ndi malo, mayi. Alendo asanu okha."

Sindinadikire kuti anenenso. Ndinapukuta zikwa zija dothi, chimodzichimodzi, n'kuzigoneka pa thonje m'maenje a thireyi, pambali pa mazira a nkhanga. Pensulo inakana kulemba pa chikhokho chosalalacho, ndiye tinatenga penti ya zikhadabo ya achemwali n'kudonthezapo kadontho kofiira mbali imodzi. Alamu anatseka chitseko, mababu akuwala m'kati, fani ikulira. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri mtima wanga unakhala pansi. Tinali titachitapo kanthu.

Alamu akamatembenuza mazira, ine ndinkatembenuza zikwa: kadontho pamwamba, kadontho pansi. Mpweya wa m'filiji unkandiwomba kumaso, wotentha, wonunkha nthenga. Poyamba zikwa zinkagwedeza michira mwamphamvu kuposa kale.

"Mwaona? Zadzuka," anatero alamu. "Dzina langa mudzalilembe m'buku lanu."

Tinaziunikanso ndi tochi, monga amachitira ndi mazira pofuna kuona ngati muli mwanapiye. Tinadzitsekera m'bafa, alamu atapinda dzanja pa tochi, ine nditagwira chikwa. Munangooneka kufiira kwakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Alamu anati ndi chizindikiro chabwino. Sindinafunse kuti adziwa bwanji.

Kenako chimodzi chinasiya kugwedezeka. Ndinachinyamula: chinali chopepuka ngati khoko la mtedza. China chinatsatira, ndi china, ndi chinanso. Alamu ankachiika pakhutu, kuchigwedeza pang'ono, n'kuchibwezera. Anawonjezera madzi m'mbale ya pansi pa filiji. Anasiya kunditchula aprofesa. Chimodzi chokha chinali chidakalemera, ndipo chinkada tsiku ndi tsiku, mpaka ndinayamba kuona mzere wofiira kudzera m'chikhokho.

Ulendo wa Wamafoni unali utatsala mawa lake pamene alamu anandiitana m'mawa, ndikusesa.

"Mlamu, tabwerani."

Chikwa chinali chitang'ambika kumutu, m'kati mulibe kanthu. Mwini wake tinamupeza pakona ya pansi, kunsi kwa fani, akuyesa kukwera khoma losalala la filiji n'kumaterereka. Thupi linali lomwe lija, lobiriwira, lamba wofiira, laubweya ngati kamwana ka mphaka. Koma mapiko anali timapepala totuwa tokwinyika, ngati risiti yochapidwa m'thumba la buluku.

Ndinamuikira chala, anakwera msanga, timiyendo tikundigwira, akufunafuna pamwamba. Tinamukoloweka pa neti ya chidebe. Anazendewera pamenepo, akunjenjemera, ndipo ndinadikira kuti mapiko atambasuke. Dzuwa linafika pa mpopi, linadutsa. Mapiko anali momwemo. Ndinakhudza limodzi ndi nsonga ya chikhadabo: linali louma gwa.

"Mwanapiye akaswa amafuna mphepo yotentha kuti aume," anatero alamu pang'onopang'ono. "Uyu amafuna pokwera ndi nthawi yodziwongola. Fani yamuumitsa asanamalize." Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Kenako anatenga tsache limene ndinasiya n'kuyamba kusesa pamene ndinali nditasesa kale.

Ndinakhala pa sitepe. Ndinaganiza zosapita. Ndinaganiza zomuika m'bokosi la machesi n'kupita naye ku kashopu, tiseke, zithere pomwepo. Koma pangano silinanene za mapiko. Ndinasamba, kuvala diresi yanga yachikasu, n'kutuluka.

Wamafoni anali ataima pa mpando akumasula nyali kudenga.

"Watuluka," ndinatero.

"Zoona?"

"M'mawa uno."

Anandiyang'ana ali pamwambapo, sikuludiraiva ili kukamwa. Anaichotsa. "Ndibwera masana. Uwauze achemwali ako kuti batire lawo sindinalione."

Achemwali atamva anangopitiriza kutsuka mbale. Koma ndinawapeza akupukuta mipando ya pabalaza, kenako akutulutsa makapu a alendo.

"Si chifukwa cha iyeyo," anatero. "Fumbi landinyansa."

Wamafoni anabwera atavala malaya ositidwa, mizere yake yakuthwa, chikwama cha zida chili paphewa chifukwa makiyi a kashopu anali atabweza kale. Anagogoda pageti ngakhale inali yotsegula. Anapereka moni ndi manja awiri, n'kukhala pa nsonga ya mpando ngati ukutentha.

"Achimwene," anatero alamu, "ndinu amene mwasowetsa sikirini ya mlamu wanga miyezi yonseyi? Ikubwera wapansi?"

"Mtundu wake ndi wovuta, bambo."

"Mwini wakenso ndi wovuta. Mwapirira."

Achemwali anathira tiyi n'kuyamba mafunso awo: makolo ali moyo, muli angati m'banja, kumene mukupitako mukafikira kwa ndani. Iye ankayankha akuyang'ana kapu. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, ndikumva mawu ake m'nyumba yathu, pakati pa kabati ndi kalendala, ndipo ndinkafuna kuti tiyi asathe. Koma anatha.

"Ndiye mlendo wathu ali kuti?" anafunsa Wamafoni.

Tinatuluka tonse anayi. Ndinamasula neti n'kuitembenuza. Gulugufe anali pomwepo, atagwira ulusi, timapiko take tili kumsana ngati katundu wa eni.

Onse anaweramira pa neti. Kwa aneba wailesi inkalira.

"Sakhala chonchi," ndinatero, mawu akuthamanga okha. "Amaima m'malere, osagwira kanthu. Amabwerera chafutambuyo. Mapiko ake ukanawaona..."

"Anatani?" anafunsa Wamafoni.

Ndinatsegula pakamwa, koma alamu ananditsogolera. "Ndinamufungatira, achimwene." Analoza filiji. "Pamodzi ndi nkhanga."

"Ndine ndinafulumira," ndinatero.

"Onse awiri," anatero achemwali. "Ankachita kuwatembenuza. Penti yanga ya zikhadabo inathera pomwepo."

Wamafoni anayang'ana filiji, anayang'ana alamu, n'kuluma mlomo. Mapewa ake anagwedezeka kamodzi. Ndinaganiza kuti akaseka ndilowa m'nyumba osatulukanso. Koma anagwada, n'kutsitsa chikwama.

"Wadya?"

"Adya bwanji? Amadya akuuluka."

"Mayi, mungandithandizeko shuga pang'ono ndi madzi? M'kachitsekerero ka botolo."

Anatulutsa galasi lake lokuza zinthu ndi kambaniro. Gulugufe anamukweza pa chala chake chamanzere n'kumuyandikiza ku kachitsekerero. Ndinagwada pambali pake, phewa langa likukhudza malaya ositidwa aja. Pansi pa galasi nkhope ya gulugufe inali yaikulu, maso ngati mikanda, ndipo kunsi kwake kunali mlomo uja, wopindidwa ngati sipuling'i ya wotchi. Wamafoni analowetsa nsonga ya kambaniro pakati pa mpindowo n'kuukoka pang'onopang'ono, mpweya atasunga. Mlomo unatambasuka, wautali kuposa mmene ndinkakumbukira, mpaka nsonga inakhudza madzi. Unanjenjemera. Madzi anayamba kugwedera.

"Akumwa," ananong'ona alamu.

Atamwa kanthawi, gulugufe anayamba kulira. Vuu, kulira komwe kuja, thupi lonse likunthunthumira, timapiko tokwinyika tikuthamanga popanda kumunyamula. Kafumbi kotuwa kanawaza pa chala cha Wamafoni. Atasiya, iye anasendeza galasi.

"Taona apa."

Pa phiko limodzi, pakati pa makwinya, fumbi linali litachoka pa kamalo kochepa ngati njere ya mpunga. Pamenepo panali poyera mbee, ndipo kudzera pamenepo ndinaona mizere ya khungu la chala chake.

"Galasi lija," anatero. Sanandiyang'ane. "Sunaname."

Zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinamukonzera kuti adzanene, koma ndinazilandira.

Mlomo ukangosiyidwa unkadzipinda wokha, gulugufe n'kuyamba kufunafuna. Wamafoni anautambasulanso, kenako anayang'ana dzuwa.

"Ndiyenera kupita. Katundu sindinamange, ndipo azakhali akundidikira kuti nditsanzike." Anasamutsira gulugufe pa chala changa, n'kuika kambaniro m'dzanja langa lina, zala zake zili pamwamba pa zanga. "Gwira chonchi. Osafinya. Ukasiya asanakhute adzipinda."

Anaimirira, kudzisasa m'mawondo, n'kutsanzika achemwali ndi alamu ndi manja awiri monga anabwerera. Alamu anati amuperekeza. Ndinamva mapazi awo akuzungulira nyumba, mawu a alamu akufunsa ngati kumzindako anthu amadya mazira a zinziri, kenako geti kulira. Ine ndinali nditagwada pa dothi, manja onse awiri ali ndi ntchito, ndipo gulugufe ankamwa mosafulumira ngati dziko ndi lake. Miyendo yanga inkafuna kudzuka yokha. Ndinayang'ana mpanda, ndinayang'ana kachitsekerero.

Achemwali anapumira m'mwamba. Anakwinya chitenje n'kugwada.

"Bweretsa kuno chinthu chakocho. Chikandiluma ndikuthamangitsa pakhomo pano."

"Saluma."

"Pita, iwe, ndisanasinthe maganizo."

Ndinawapeza asanafike pakona. Alamu atandiona anadzimenya pachipumi. "Mazira. Ndaiwala kutembenuza mazira. Achimwene, muyende bwino." Anabwerera akuimba mluzu.

Tinayenda awiri mpaka pa kashopu. Chitseko chinali ndi loko watsopano. Ndinali ndi zonena zodzaza chidebe, zimene ndinakonza masabata onse aja, koma zinali zokonzera pafupi ndi maluwa, osati pamsewu pamene anthu ankatilambalala ndi njinga.

"Akhala moyo mpaka liti?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Uzimumwetsa m'mawa ndi madzulo. Kambaniro kaja sunga, ndili ndi kena." Anasintha chikwama phewa. "Achemwali ako si oopsa kwenikweni. Potsanzika paja anandifunsa monong'ona kuti ndidzabwera liti kudzacheza."

"Unati chiyani?"

"Ndinati sindikudziwa." Anayang'ana nsapato zake. "Sindinafune kuwanamiza tsiku loyamba."

"Ine ukanandinamiza pang'ono."

Anaseka, koma osati kwambiri. Anandigwira dzanja, pamsewu pomwepo, wogulitsa nthochi akuyang'ana, ndipo sanalisiye msanga. Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. Anakwera n'kukhala mbali ya uko, kumene sindikanamuona.

Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndikugula. Kenako ndinakumbukira amene ndinawasiya atagwada pa dothi, n'kuyamba kuthamanga.

Achemwali anali pomwe ndinawasiya, khosi litapindika, nkhope atakwinya, kambaniro kali njo osagwedezeka.

"Wapita?"

"Wapita."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kubwezera maso pa kachitsekerero.

"Usaime pamenepo ngati mtengo. Mkono wanga wauma, ndipo mlendo wakoyu sakukhuta. Kawonjezere shuga."